Mawu Amene Adada Sananene

Mzimba Boma
3 Juni 2024

Akulu Zondwayo,

Monire akulu. Kuno kwacha ndi nkhungu yoti ngakhale denga la msika silikuoneka. Chandidzutsa ndi mabelu a njinga za kabaza ndi anyamata a pa depoti oitanira "Jenda, Jenda". A Muhsin, eni kachipinda kamene ndikugona, akukoka zitseko zachitsulo za sitolo yawo uku akutsokomola. Zala zauma ndi kuzizira, ndiye mukaona zilembo zokhota musandiseke. Ndikufulumira chifukwa a Louis, onyamula katundu wa anthu kupita ku Joni, anyamuka masana ano, ndipo ine ndili ndi mayeso a masamu.

Kodi muli bwanji kumeneko? Kwathu ku Champhira onse alipo. Alamu a Loyce ali bwino. Mwana wanu Mtisunge wayamba kuthamangitsa nkhuku, ndipo akaona chithunzi chanu cha suti chija amati ndi abusa.

Ndinapita kumudzi Loweruka. Mlatho wa pa Katope unakokolokanso mu Febuluwale, kachiwiri tsopano, ndiye kunali msonkhano. Sindinakuuzenipo kuti tsiku lija, zaka zinayi zapitazo, ndinali m'mwamba mwa mtengo wa mango. Ndinakuonani mukuimirira n'kunena kuti mlatho umangidwe kumtunda, pa mwala, osati pa mchenga pamene agogo athu ankawolokera. Ndinamvanso adada, ali pa mpando wawo wa komiti, akunena kuti mwana woimirira n'kutsutsa bambo ake pagulu alibe bambo. Loweruka ndinapita ndikudziwa kuti kukhalanso zomwezo.

Koma tsopano tili ndi khansala watsopano, anyaChisi, akazi a a Enos Shaba a kutsidya. Mukuwadziwa, ankagulitsa tomato pa Jenda. Madoda anawakonzera mpando woyala nsalu. Iwo anaudutsa mpandowo n'kukakhala pansi, mbali ya azimayi. Anati ukhansala anaupeza chaka chatha, koma ukamwana anaupeza kalekale, ndipo mkamwana saimirira kapena kulankhula maso ndi maso ndi apongozi ake. Anyamata kumbuyo anaseka kuti tavotera khansala wa pa mphasa.

Kenako anapempha mwana woti aziwanyamulira mawu. Analoza ine, mwina chifukwa ndinakhala pandekha. Nditagwada pafupi nawo anandinong'oneza kuti, "Unene monga ndanenera. Usathire mchere, usachotse." Ndiye iwo amalankhula pansipansi, ine n'kukanjuta pakati pa bwalo n'kufuula.

Chimene chinandigwira mtima ndi chachiwiri. Anati anyamata nawonso aleke kukuwira kumbuyo, asankhe doda limodzi loti liziwanyamulira mawu. Anasankha a Mcdonald, aja amene samwetulira ngakhale pa ukwati. Mdala uja anapita kumbuyo, anamvetsera, anabwerera, n'kunena ndi pakamwa pawo kuti, "Akuti ife madoda tawatutitsa mchenga kawiri, madzi n'kutenga. Akutinso makutu athu ndi a poto." Bwalo lonse linaseka. Adada anabisa pakamwa ndi chipewa. Palibe anatukwanidwa, palibe anachoka msonkhano usanathe.

Madoda anapambanabe, mchenga upita pa malo akale. Koma anyaChisi ati aitana munthu woyeza adzaone malo onse awiri simenti isanabwere. Akulu, ine sindinaonepo mtsogoleri wotere. Pobwerera ndinaona a Mcdonald akuyenda ndi anyamata njira imodzi, akukangana za mpira. Ndayamba kuganiza kuti kwathu kukhoza kusintha ife tikadali moyo.

Mundilembere. Ndine mng'ono wanu,
Goodluck


Joni
21 Juni 2024

Goodluck mfana wanga,

Kalata yako yafika ikununkha utsi wa mbaula ya a Muhsin. Uzilemba chonchi, chifukwa pa foni yawo ija sitikamba bwino, makasitomala amatchera khutu. Ine ndili bwino, ntchito ndi yomweyo yothira konkire pa nyumba zosanja. Kunonso kukuzizira. Ndakutumizira jekete, usaibwereketse.

Za khansala wako ndawerenga kawiri, ndaseka. Iwe ukadali mwana. Andale onse amadziwa kukhala pansi. Ena amavina ingoma, ena amalira pa maliro a munthu amene sakumudziwa ndi dzina lomwe. Akapeza chimene akufuna umangowaonera pa galasi la galimoto. Ndipo taona, ndi kunong'ona konseko, mchenga ukupita pa malo akale omwe aja. Madzi sadziwa ulemu, mfana. Komabe za a Mcdonald zandikomera. Eish, ndikanagula tikiti kuti ndikaone zimenezo.

Iwe limbikira sukulu, ukamaliza Fomu 4 ubwere kuno uone milatho yeniyeni. Alongo athu a Providence ku Engutwini uwapatse moni ukamawalembera.

Ndikufunse chinthu chimodzi, ndipo undiuze zoona. Adada amanditchula? Sindikunena kundifunira zabwino, kungotchula dzina basi. Mtisunge wapitirira zaka zitatu ndisanamunyamulepo. A Loyce amati ndingobwera, nkhani idzatha yokha. Iwo sawadziwa adada. Sindingalowe pakhomo pamene ananditulutsa, mwini khomo asanatsegule.

Mkulu wako,
Zondwayo


Champhira
30 Juni 2024

Mwana wanga Goodluck,

Ndikukupatsa moni m'dzina la Ambuye. Ife tili bwino kupatula mwendo wa amayi ako. Ndakutumizira nyemba ndi mbatata ndi mnyamata wa njinga yamoto. Uwathokoze a Muhsin chifukwa chokusunga, ndipo undiuze mmene mayeso ayendera.

Za pa msonkhano sindinakuuze kanthu chifukwa unalawirira. Unanjuta bwino, ndipo sunayang'ane madoda m'maso. Koma mawu unakweza mopitirira. Ife si ogontha.

Akamwana athu anyaChisi ali ndi mwambo. Ena ankati mkazi sangatsogolere madoda. Ine ndinali mmodzi wa iwo, ndipo voti yanga sanailandire. Koma Lachitatu lililonse amabwera ndi ndowa yawo, amatuta mchenga limodzi ndi anzawo mpaka dzuwa lifike pamutu. Anyamata amene ankathawa ntchito ya chitukuko ayamba kubwera, kaya ndi manyazi kaya n'chiyani.

Woyeza uja abwera kumapeto kwa mwezi wamawa. AnyaChisi afunsa, kudzera kwa amayi ako, ngati pali pepala lililonse la malo a pa mwala. Ine ndikudziwa kuti mlatho ndi wa pa njira ya makolo, koma sindingabise pepala kwa munthu amene wapempha mwaulemu. Ukamalembera amene ali ku Joni, umuuze kuti ngati chojambula chake chija akadali nacho, atumize. Pepala lokha.

Ndine bambo ako,
Justus Shaba


Mzimba Boma
3 Julaye 2024

Akulu,

Monire. Jekete yafika, yewo chomene. M'kalasi akundifunsa ngati ndagula njinga yamoto.

Kalata yanu ndi ya adada zili pa tebulo langa zonse ziwiri, ndipo ndaziwerenga mobwerezabwereza. Mwafunsa ngati amakutchulani. Inde, amakutchulani. Andilembera kuti akufuna chojambula chanu cha pa mwala chija. Akuti zakale zinapita ndi madzi, mubwere nacho nokha. Akuti khomo ndi lotsegula.

Sindilemba zambiri, a Louis akuliza hutala panja.

Goodluck


Joni
20 Julaye 2024

Mfana,

Kalata yako ndinawerengera pa nsanja yachisanu. Ndinakhala pa thumba la simenti nthawi yaitali mpaka kapitawo anandifunsa ngati kwathu kwagwa maliro. Ndinati ayi, kwadzuka munthu.

Ndasiya ntchito. Kapitawo wati ndikachoka malo anga apatsa wina Lolemba lomwelo, ine ndati apatseni. Mnzanga Lusayo, amene timagona chipinda chimodzi, akuti ndapenga, anthu akumenyanirana kubwera kuno ine ndikubwerera ku fumbi. Pepala ndili nalo, lakhala m'Baibulo zaka zonsezi. Ndikaliona tsopano ndikuseka, ndinajambula ngati mwana, koma malo ake ndi omwewo. Tsopano ndikudziwa kumanga zitsulo za m'kati, ndikhoza kuwathandiza.

Foni ndagulitsa, ndagula chipewa cha adada ndi nsapato za Mtisunge. Saizi ndangoganizira. Kalatayi ndapatsira wa galimoto wina, ine ndibwera ndi a Louis, tinyamuka pa 3 Ogasiti. Sinditsika pa Jenda. Ndifika ku Boma ndidzakutenge, tikalowe awiri. Usauze munthu.

Khansala wakoyo mwina ndinamunyoza msanga.

Zondwayo


Mzimba Boma
1 Ogasiti 2024

Adada,

Monire adada. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amama. Maphunziro a pa holide akuyenda. Koma sindikulemba za sukulu.

Ndalakwa chomene. Munandituma kuti ndiuze akulu Zondwayo atumize pepala lokha. Ine ndinawalembera kuti mwati zakale zatha, abwere okha, khomo ndi lotsegula. Mawu amenewo simunanene. Iwo anali atandifunsa ngati mumawatchula dzina, ndipo ndinalephera kulemba kuti ayi. Dzulo ndalandira yankho lawo, lachedwa masiku khumi ndi limodzi panjira. Asiya ntchito, agulitsa foni, anyamuka mkuja. Palibe njira yowaimitsira.

Lero m'mawa ndinaona anyaChisi pa depoti akudikira minibasi, akudya chinangwa chootcha. Ndinazungulira kawiri ndisanawayandikire. Ndinawauza zonse, ndipo ndinawapempha kuti akakulankhuleni, popeza inu mumawamvera. Sanandikalipire. Anandigawira chinangwa n'kundifunsa kuti pa msonkhano paja anandiuza chiyani. Nditayankha anati, "Wothira mchere ndi amene amayamba kulawa. Ine sindikakunenera. Lemba wekha, ine ndingonyamula pepala."

Anandiuzanso kuti ndisaganize kuti ndine ndekha, nawonso ali ndi chawo choti akalawe Loweruka pa bwalo. Sindinamvetse, ndipo sindinafunse. Minibasi yawo yadzaza, koma atsikamo kuti adikire ndimalize kulemba. Ndikulembera pa bondo.

Chilango chilichonse ndilandira. Koma akulu sanalakwe pa ichi. Akubwera chifukwa akukhulupirira kuti mwawaitana. Ndapota adada, mundiyankhe asanafike.

Mwana wanu,
Goodluck


Mzimba Boma
7 Ogasiti 2024

Adada,

Monire. Sindinalandire yankho lanu. Mnyamata wa njinga yamoto ndamudikira tsiku lililonse pa depoti, amangondiimikira dzanja.

Akulu afika dzulo masana. Anenepa pang'ono, ndipo ali ndi chipsera pa dzanja. Anatsika akuseka, anandinyamula pamaso pa anthu ngati thumba. Ndinadikira mpaka atamwa tiyi wa a Muhsin, kenako ndinawapatsa kalata yanu ija kuti awerenge okha. Anawerenga mpaka pa mawu awiri aja akuti "Pepala lokha." Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Anangofunsa ngati pali sopo, anakachapa malaya awo, n'kukhala pa mwala kuseri kwa sitolo kuwayang'ana akuuma.

Akuti ku Champhira safika. A Louis abwerera Lolemba, ndipo awauza kale kuti awasungire malo. Pepala andipatsa kuti ndikutumizireni, ndi ili. Chipewa ndi nsapato za mwana akuti ndidzabweretse ine ndikadzabwera. Alamu a Loyce sakudziwa kuti amuna awo ali pa Boma pano.

Ndalemba monga zilili.

Goodluck


Champhira
9 Ogasiti 2024

Zondwayo,

Ndikukupatsa moni. Pepala lako ndalandira. Dzanja langa silinazolowere kulemba dzina ili, ndiye uwerenge modekha.

Mng'ono wako ananama. Sindinanene kuti ubwere. Kalata yake yoyamba ndinaiika pansi pa mtsamiro ndili wokwiya, ndipo ndinati sindiyankha mwana woika mawu m'kamwa mwanga.

Loweruka kunali msonkhano. Woyeza anali atabwera Lachiwiri. Anakumba pa malo a makolo mpaka m'chiuno osapeza pogwira, anapita pa mwala, anagogoda kawiri, nkhani inathera pomwepo. Anthu anabwera pa bwalo atatupa ndi mkwiyo, chifukwa atuta mchenga miyezi iwiri. Anyamata anali atakonzeka kutidya ife madoda.

AnyaChisi anakhala pansi monga mwa masiku onse. Anati mwana wawo wonyamula mawu ali ku sukulu, ndipo popeza mawu a lero akupita kwa anyamata, awanyamule wapampando. Iwo amanong'oneza amayi ako, amayi ako amandiuza ine, ine n'kuimirira. Sindinadziwe chimene chikubwera. Mawu oyamba anali akuti, "Ndinalakwa. Ndinatutitsa anthu mchenga ndisanayeze. Ana ananena, ine sindinamvere."

Ndinayang'ana amayi ako. Iwo anabwereza mokweza, ngati sindinamve. Ndinanena. Anyamata anatuma a Mcdonald kuti kumbuyo sizikumveka. Ndinanenanso. Anatumanso. Kachitatu ndinanena mpaka agalu anauwa kutsidya.

Mlandu sunali wa anyaChisi. Aliyense pa bwalo ankadziwa amene anasankha malo aja, kachitatu konse. Akanatha kutiloza, anyamata akanawaimbira nyimbo mpaka pa Jenda. M'malo mwake anyaChisi anadzuka, anatenga ndowa, anadzaza pa mulu wakale n'kuyamba ulendo wa kumtunda. Tonse tinatsatira. Ine ndinasenza limodzi ndi mdzukulu wa a Enos, thumba limodzi anthu awiri.

Mawu aja anali awo, koma pakamwa panali panga, ndipo sindinafe. Masiku asanu ndi limodzi ndakhala ndikuyesa kulemba. Tsopano awa ndi anga, palibe wondinong'oneza. Za mwala unanena zoona. Kuimirira kuja unalakwa, ndipo tidzakambirana titakhala pansi tonse awiri. Mawu amene ndinanena tsiku lija anali aakulu kuposa mlandu wako.

Bwera, Zondwayo. Ubwere ndi wabodzayo, ali ndi nkhani ndi ine. Chipewa ubweretse wekha.

Ndine bambo ako,
Justus Shaba


Champhira
12 Ogasiti 2024

Alongo anga a Providence,

Monire. Muli bwanji ku Engutwini, alamu ndi ana? Amama akuti ndikulembereni ine chifukwa iwo akangoyamba kufotokoza amalira. Zina mwamva kale kwa anthu, ndiye ndingonena zimene ndinaona.

Kalata ya adada inafika Lachisanu madzulo. Akulu anawerenga ataimirira, anaipinda, anapita kwa a Louis kukawauza kuti malo aja apatse wina. Kwa ine sanalankhule mpaka Loweruka m'minibasi, pamene anandifunsa ngati nsapato zija zimukwana mwana. Ndinati sindikudziwa. Anati bola, wayamba kunena zoona.

Pa Katope tinapeza anthu akututa miyala, achikulire ndi anyamata mzere umodzi, akupatsirana. AnyaChisi anali pakati pa mzerewo, fumbi mpaka m'nsidze. Atationa sanasiye ntchito. Anangouza mtsikana amene anali pambali pawo kuti akatiuze kuti ntchito imayamba seveni koloko, ndipo womanga zitsulo akumufuna Lachitatu. Akulu anavula kapusi. Sindinawaonepo akuvulira wandale kapusi.

Adada tinawapeza pa chipata cha khola. Akulu ananjuta patali. Adada anakoka chitsa, anasiya mpando wawo, n'kukhala. Ine anandithamangitsa, ndiye zimene anakambirana sindikuzidziwa. Zinatenga maola awiri. Potuluka adada anali atavala chipewa chatsopano, chachikulu pang'ono, chikufika m'makutu.

Chilango changa ndi kututa mchenga mpaka sukulu itsegulidwe. Adada akuti munthu wodziwa kunyamula zimene sanatumidwe anyamule ndowa. Mtisunge anathawira kuseri kwa nkhokwe tsiku lonse loyamba. Dzulo wavomera kunyamulidwa, koma nsapato zachepa.

Anthu akukuuzani kuti anyamata a ku Joni abwera ambiri chifukwa cha mlatho. Si zoona. Pa galimoto ya a Louis anatsika anthu atatu a kuno. Awiri abwera kudzaona makolo, abwerera mwezi wamawa. Lusayo, mnzawo wa akulu, watsala ku Joni. Mwana wa a Mcdonald walembera bambo ake kuti aganiza pa Khirisimasi. Amene wabwera kudzakhala ndi mmodzi, Zondwayo Shaba, ndipo wagona m'nyumba mwake masiku awiri tsopano. Ine ndinabwera naye.

Mlongo wanu,
Goodluck